Salimoni yophika mu uvuni: chakudya chosamala mtima

Salimoni ndi nsomba ya mnofu wofiirira imene imabadwira m'mitsinje, n'kukakulira m'nyanja zamchere za kumpoto kwa Atlantic ndi Pacific, kenaka n'kubwerera kumtsinje kukaikira mazira. Yambiri imene imagulitsidwa masiku ano ndi yoweta, ndipo dziko la Norway ndilo lili patsogolo pa ulimi umenewu, lotsatira n'kukhala Chile. Mpasa wa m'nyanja ya Malawi nawo umakwera mitsinje monga Bua pokaswana, koma ndi nsomba ya mtundu wina.

Ubwino wake ku mtima

Nsombayi ili ndi mafuta a omega-3, amene amathandiza kuchepetsa mafuta otchedwa triglyceride m'magazi. Bungwe la American Heart Association limalangiza kudya nsomba kawiri pa sabata, makamaka zamafuta monga salimoni ndi makerele.

Komatu phindu limeneli limachepa ngati nsombayo yakazingidwa m'mafuta ambiri kapena kuthiridwa mchere wochuluka. Mchere umakweza kuthamanga kwa magazi, vuto limene limadzetsa matenda a mtima ndi sitiroko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mchere umene munthu wamkulu amadya pa tsiku usafike magalamu 5, umene ndi pafupifupi sipuni imodzi yaing'ono. N'chifukwa chake kuphika mu uvuni kumaposa kukazinga: nsombayo imapsa ndi mafuta ake omwe.

Zofunika pa chakudya cha anthu awiri

Zidutswa ziwiri za salimoni, chilichonse cholemera magalamu pafupifupi 140, sipuni imodzi yaikulu ya mafuta a olivi, ndimu limodzi, adyo wosinja, tsabola wakuda ndi kamchere kotsina.

Kaphikidwe

Ngati nsombayo ndi youndana, isungunukire mufiriji usiku wonse. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 200. Pukutani nsombayo, muyiike pathireyi khungu lili pansi, muyipake mafuta, adyo, tsabola ndi mchere, n'kuyala tizidutswa ta ndimu pamwamba. Phikani kwa mphindi 12 mpaka 15 molingana ndi kunenepa kwa chidutswacho.

Nsomba yakupsa imanyenyeka mosavuta ikabayidwa ndi foloko, ndipo mnofu wake sukhalanso wonyezimira ngati waiwisi. Amene ali ndi chipangizo choyezera kutentha aonetsetse kuti pakati pa chidutswa pafika madigiri 63. Ikapitirira nthawi imauma, n'kutuluka zoyera zambiri pamwamba.

Zodyera limodzi

Mbatata yowotcha, zitheba, kaloti kapena mpiru wofutsa zimayenerana nayo bwino. Mbatata ilowe mu uvuni mphindi 30 nsomba isanalowe kuti zipsere limodzi. Kumene salimoni ikusowa kapena yakwera mtengo, makerele angaphikidwe mwanjira yomweyi. Salimoni yofukiza ndi utsi imakhala ndi mchere wambiri, choncho odwala matenda a kuthamanga kwa magazi asankhe yaiwisi kapena youndana.