Aphungu a ku Scotland ndi Mayeso a Ana a Sukulu

Aliyense amene anagwirapo choko amalidziwa bwino tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, sindinazolowere kuona nkhope ya mwana amene dzina lake silinatuluke. Komabe mtima umakhala m'malo ngati tikudziwa kuti mwanayo walandira zimene anagwirira ntchito. Nanga zimakhala bwanji pamene wolakwa ndi amene anapatsidwa udindo wochonga ndi kuwerengera malikisi? Ndani angamufunse? Dziko la Scotland linakumana ndi funso limeneli kawiri, m'chaka cha 2000 ndi cha 2020, ndipo maulendo onse awiri nkhaniyo inakathera m'Nyumba ya Malamulo ya ku Edinburgh.

Scotland si dziko lachilendo kwa ife. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira, ndipo m'chaka cha 2005 maboma a Scotland ndi Malawi anasainirana pangano la ubale. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Scotland ndi mbali chabe ya dziko la United Kingdom, ndipo boma lake lili ndi mphamvu zochita kugawiridwa. M'chaka cha 1707 nyumba zamalamulo za Scotland ndi England zinaphatikizana kukhala imodzi ya ku Westminster, mumzinda wa London. Kwa zaka 292 zotsatira, malamulo onse okhudza sukulu, zipatala ndi makhoti a ku Scotland ankapangidwa kutaliko. Pa riferendamu ya mu 1979 ofuna nyumba yawoyawo anapambana pang'ono, koma mavoti awo sanafike pa mlingo umene lamulo linaika. Pa 11 Seputembala 1997 anavotanso, ndipo anthu 74 mwa 100 alionse anavomera. Aphungu 129 anasankhidwa mu Meyi 1999, ndipo a Donald Dewar anakhala nduna yaikulu yoyamba.

Lamulo la mu 1998 limene linakhazikitsa Nyumbayi linagawa ntchito pawiri. Za asilikali, ubale ndi mayiko akunja, ndalama ya dziko ndi za anthu olowa m'dziko zinatsala ku London. Maphunziro, zaumoyo, ulimi, apolisi ndi makhoti zinapita ku Edinburgh. Kugawa kumeneku kunasinthanso njira ya madandaulo. Kholo limene mwana wake walakwiridwa kusukulu silinafunikenso kudikira phungu wa ku Westminster, kumene nkhani za Scotland zinkapeza nthawi yochepa. Nduna ya zamaphunziro tsopano inali pafupi, ndipo woyenera kuifunsa anali phungu wa ku Edinburgh.

Amene anakonza Nyumbayi anadziwa kuti ilibe nyumba yachiwiri younika ntchito yake monga zilili ku Westminster. Pachifukwachi anaika mphamvu zambiri m'makomiti. Komiti iliyonse, yopangidwa ndi aphungu a zipani zosiyanasiyana, inapatsidwa ntchito younika mabilu ndiponso yofufuza mmene unduna ukugwirira ntchito. Nyumba inapatsidwanso mphamvu yoitanitsa mboni ndi zikalata pa nkhani zimene zili m'manja mwa nduna zake. Tsiku Lachinayi nduna yaikulu imaima kuyankha mafunso, ndipo nzika wamba ili ndi ufulu wopereka dandaulo lake ku komiti yoona madandaulo. Chida chomaliza, chimene sachisolola wamba, ndi voti yonena kuti Nyumba ilibenso chikhulupiriro mwa nduna. Zonsezi zinali zokoma kuwerenga papepala. Panatsala kuona ngati zingagwire ntchito pa tsiku la mavuto, ndipo tsikulo silinachedwe.

Pa 10 Ogasiti 2000 ana a sukulu anadikira makalata a zotsatira zawo. Ena sanalandire kalikonse. Ena analandira masatifiketi osowa maphunziro amene analemba, ndipo ena anapatsidwa magiredi olakwika. Ana pafupifupi 17,000 anakhudzidwa. Ambiri mwa iwo anali atalemba mayeso a Higher, amene mayunivesite amagwiritsa ntchito posankha ophunzira, choncho malo awo anali pangozi.

Gwero la chisokonezochi linali kusintha zinthu zambiri pa nthawi imodzi. Bungwe loona za mayeso la Scottish Qualifications Authority, kapena kuti SQA, linali litangopangidwa mu 1997 pophatikiza mabungwe awiri akale. Chaka chomwecho cha 2000 chinali choyamba cha mayeso a dongosolo latsopano lotchedwa Higher Still, limene linkafuna kuti sukulu zizitumiza malikisi a timayeso tambirimbiri ta m'kalasi. Malikisi onsewa anayenera kulowa m'makompyuta atsopano amene anali asanakhwime. Aphunzitsi anali atadandaula kwa miyezi ingapo kuti zimene akutumiza zikusowa ndipo akupemphedwa kutumizanso kachiwiri, kachitatu. Ife a ntchito ya choko tikudziwa kuti dandaulo la mphunzitsi limayenda pang'onopang'ono popita kumwamba.

Mkulu wa bungwelo, a Ron Tuck, anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa. Koma nduna ya zamaphunziro, a Sam Galbraith, amene poyamba anali dokotala wochita maopaleshoni a ubongo, anakana kutula. Yankho lawo linali lakuti SQA ndi bungwe loima palokha, ndipo akuluakulu ake anali kuwatsimikizira kuti zonse zili bwino. Apa ndiye panagona nkhani. Boma likapanga bungwe ndi kuliika patali pang'ono, ndalama n'kumalipatsa, akuluakulu ake n'kumasankha lokha, kodi zinthu zikalakwika nduna ingasambe m'manja? Ngati ingatero, ndiye kuti palibe munthu wosankhidwa ndi anthu amene angayankhe.

Makomiti awiri anayamba kufufuza. Ya zamaphunziro inafufuza zimene zinachitikira ana ndi sukulu, pamene ina inaunika kayendetsedwe ka bungwelo. Anaitana akuluakulu a SQA, oyendera sukulu, aphunzitsi, makolo, ana asukulu ndi nduna yomwe, ndipo anawafunsa poyera. Pamene aphungu anafuna kuona malangizo amene akuluakulu a mu unduna ankapereka kwa nduna, boma linakana kuwatulutsa poyera ponena kuti ndi achinsinsi. Pamenepa aphungu anaona koyamba kuti mphamvu yolembedwa m'lamulo imafuna mavoti kuti igwire ntchito, ndipo mavoti ochuluka anali a boma. Chipani cha Labour chinali ndi mipando 56, cha Liberal Democrats chimene chinkalamulira nacho limodzi 17, kuphatikiza 73 mwa 129.

Malipoti anatuluka kumapeto kwa chakacho, ndipo mlandu waukulu anauika pa akuluakulu a SQA ndi bodi yake. Mu Disembala 2000 chipani chotsutsa cha Scottish National Party, SNP, chinabweretsa voti yochotsa chikhulupiriro mwa a Galbraith, yoyamba ya mtunduwu m'Nyumbayi. Voti inalephera. Ndi iko komwe, a Galbraith anali atasamutsidwira kale ku unduna wina pamene nduna zinasinthidwa a Dewar atamwalira mu Okutobala. Mtsogoleri wa SNP pa nthawiyo anali a John Swinney. Dzinali tilisunge.

Ena amanena kuti aphungu analephera popeza nduna sinagwe. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Kufufuzako kunaika poyera zimene zikanabisika m'maofesi. Nduna yatsopano, a Jack McConnell, anasintha udindo wa oyendera sukulu, amene anadzudzulidwa kuti ankatsogolera dongosolo latsopano komanso n'kumaliunika okha. Mu 2002 Nyumba inapanga lamulo lokonzanso bodi ya SQA. Mayeso a chaka cha 2001 anatuluka popanda chisokonezo chonga chija. Koma n'zoonanso kuti pa tsiku la voti phungu aliyense anabwerera kumsasa wa chipani chake, ndipo zimene anamva m'komiti sizinasinthe dzanja lake.

Vuto limeneli linaoneka kwambiri pakati pa 2011 ndi 2016, pamene SNP inapeza mipando 69 ndi kulamulira yokha. Popeza mipando ya m'makomiti imagawidwa potsata kukula kwa zipani, chipani cholamula chinali ndi anthu ochuluka m'makomiti, ndipo ambiri anadandaula kuti alonda asanduka abale a mwini munda. Madandaulowa anachititsa kuti mu 2016 wotsogolera zokambirana m'Nyumbayi, a Ken Macintosh, akhazikitse gulu lounika kayendetsedwe ka Nyumba yonse. Chisankho cha chaka chomwecho chinasinthanso masamu. SNP inatsala ndi mipando 63, yosakwana theka, ndipo pa nkhani iliyonse inafunika kupempha thandizo kwa ena, makamaka aphungu 6 a chipani cha Greens.

Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu ndipo mayeso sanalembedwe. Aphunzitsi anapemphedwa kupereka magiredi amene ankaganiza kuti mwana aliyense akanapeza. SQA, poopa kuti aphunzitsi aonjezera, inapima magirediwo ndi mmene sukulu iliyonse inkakhozera zaka za m'mbuyo. Zotsatira zitatuluka pa 4 Ogasiti, magiredi pafupifupi 125,000 anapezeka atatsitsidwa, ndipo ana pafupifupi 75,000 anakhudzidwa. Chimene chinapsetsa anthu mtima chinali kagawidwe kake. Pa mayeso a Higher, chiwerengero cha okhoza m'madera osaukitsitsa chinatsitsidwa ndi 15.2 pa 100 alionse, pamene m'madera olemera chinatsitsidwa ndi 6.9 chabe. Mwana wanzeru wa pasukulu yosatchuka analangidwa chifukwa cha malikisi a akulu ake amene anadutsa pasukulupo iye asanafike. Mphunzitsi aliyense amene anagwirapo ntchito pasukulu yakumudzi anakumanapo ndi mwana wotereyu, mmodzi amene amaposa mbiri yonse ya sukulu yake.

Nduna ya zamaphunziro inali a John Swinney aja. Masiku oyamba iwo ndi nduna yaikulu, mayi Nicola Sturgeon, anateteza njirayo ponena kuti popanda kupima, zotsatira sizikanakhulupirika, ndipo odandaula achite apilo. Ana anasonkhana pabwalo la George Square mumzinda wa Glasgow atanyamula zikwangwani. Chipani cha Labour chinalengeza kuti chibweretsa voti yochotsa chikhulupiriro mwa a Swinney, ndipo zipani za Conservative ndi Liberal Democrats zinati zidzavomereza. Aliyense anawerenga mipando. Ngati a Greens akanapita kwa otsutsa, nduna ikanagonja. A Greens ananena poyera kuti voti yawo idalira ngati ana abwezeredwe magiredi amene aphunzitsi anapereka.

Pa 10 Ogasiti mayi Sturgeon anapepesa. Tsiku lotsatira a Swinney anaima m'Nyumba ya Malamulo, napepesa kwa ana, nalengeza kuti magiredi onse otsitsidwa achotsedwa ndipo a aphunzitsi abwezeretsedwa. Analamulanso kuti katswiri wa zamaphunziro wa ku yunivesite ya Stirling, a Mark Priestley, afufuze zonse zimene zinachitika. Pa 13 Ogasiti voti inachitika, ndipo a Swinney anapulumuka ndi mavoti 67 kwa 58.

Tikaika zaka ziwirizi pamodzi, tiona kuti nduna sinagwe maulendo onse awiri, koma zotsatira zake zinasiyana. Mu 2000 makomiti anagwira ntchito ya miyezi, nafukula zoona, koma ana a chaka chimenecho anali atavutika kale, ndipo chimene chinakonzedwa chinathandiza a m'mbuyo mwawo. Mu 2020 komiti inalibe nthawi yoti n'kufufuza chilichonse, koma mfundo ya boma inasintha pa sabata imodzi. Sindikhulupirira kuti aphungu a mu 2020 anali anzeru kapena olimba mtima kuposa anzawo oyamba aja. Kusiyana kunali kwakuti boma la mu 2000 linkadziwa kuti lipambana voti lisanalowe m'Nyumba, pamene la mu 2020 silinkadziwa. Ndiyeneranso kunena, monga munthu amene anachongapo mapepala, kuti nkhawa ya SQA sinali yopanda pake. Ife aphunzitsi timawakonda ana athu, ndipo chikondi chimakweza malikisi. Chiwerengero cha okhoza chaka chimenecho chinakweradi kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Kulakwa kunali pochotsa malikisi kwa mwana uyu chifukwa cha zimene anachita mwana wina.

Ku England nako magiredi anatsitsidwa mwa njira yofananako. Nyumba ya ku Westminster inali patchuthi, koma zimene zinachitika ku Edinburgh zinali zitadziwika paliponse, ndipo pa 17 Ogasiti maboma a England, Wales ndi Northern Ireland anabwereranso ku magiredi a aphunzitsi. Mu 2021 boma la Scotland linalengeza kuti SQA ithetsedwa, koma lamulo lokhazikitsa bungwe lolowa m'malo mwake, Qualifications Scotland, linadzadutsa m'Nyumba mu 2025, patapita zaka zinayi. Pofika nthawiyo a Swinney anali atakwera kale kukhala nduna yaikulu, udindo umene anautenga mu Meyi 2024.