Nó Górdio: Mmene Kaúlza de Arriaga Anatayira Nkhondo ya ku Mozambique

Kumwera kwa Namitete ndi Mpingu kuli mapiri a Dzalanyama, ndipo kuseri kwake ndi chigawo cha Tete, kumene kulinso Achewa anzathu. Kumeneko ndi kumene nkhondo ya atsamunda a Chipwitikizi inayamba kuwathera m'manja. Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti mtsogoleri wa asilikali angathe kulanda malo ambiri koma n'kugonjabe.

Gulu la FRELIMO linayamba nkhondo yomenyera ufulu pa 25 Seputembala 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado. M'chaka cha 1970 boma la Portugal linaika Kaúlza de Arriaga kukhala mkulu wa asilikali onse ku Mozambique. Iyeyu ankakhulupirira kuti nkhondoyo ingathe ndi chiwembu chimodzi chachikulu. Eduardo Mondlane anali ataphedwa mu 1969, ndipo Arriaga anaganiza kuti gululo lafooka.

Pa 1 Julaye 1970 anayambitsa nkhondo yotchedwa Nó Górdio ku mapiri a Mueda. Anatumiza asilikali zikwizikwi, ndege ndi mizinga, ndipo analandadi misasa ikuluikulu ya FRELIMO. Koma m'misasa yambiri anapeza mulibe anthu. Samora Machel sanalole kuti anyamata ake aime maso ndi maso ndi mdani wowaposa mphamvu. Anawabalalitsa m'timagulu, nalimbitsa nkhondo ku Tete.

Arriaga ankayesa kupambana powerenga misasa yolandidwa, pamene mdani wake sankadalira misasa konse. Ku Tete, kumene FRELIMO inali itatsegulanso nkhondo mu 1968, Apwitikizi ankamanga damu la Cahora Bassa. Asilikali ambiri anamangika pamalo amodzi kulondera damulo, pamene omenyera ufulu ankatchera mabomba m'misewu ndi m'njanji. Anaoloka Zambezi, ndipo pofika 1972 anali atalowa ku Manica ndi Sofala, pakatikati pa dziko.

Kulakwitsa kwina kunali pa anthu wamba. Pofuna kuti omenyera ufulu asamapeze chakudya ndi uthenga, Apwitikizi anasamutsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuwaika m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamentos. Mlimi amene wachotsedwa pa munda wake ndi pa manda a makolo ake sangakonde womusamutsayo. Ambiri anathawira kutchire, ena ku Malawi ndi ku Zambia.

Nkhanzazi zinafika pachimake pa 16 Disembala 1972, pamene asilikali anapha anthu a ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, pafupi ndi mzinda wa Tete. Katswiri wa mbiri Mustafah Dhada anapeza kuti anaphedwa osachepera 385, kuphatikizapo amayi ndi ana. Wansembe Adrian Hastings anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times pa 10 Julaye 1973, patatsala masiku ochepa kuti nduna yaikulu Marcello Caetano afike ku London. Madzi akatayika saoleka: mbiri ya Portugal inaipa padziko lonse, ndipo chaka chomwecho Arriaga anachotsedwa pa udindo.

Pa 25 Epulo 1974 asilikali otopa ndi nkhondo za ku Africa anagwetsa boma ku Lisbon. Pangano la ku Lusaka linasainidwa pa 7 Seputembala 1974, ndipo Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Mu 2022 nduna yaikulu António Costa anapepesa ku Maputo chifukwa cha Wiriyamu.

Ophunzira a fiqh akumbukira malangizo a Khalifa Abu Bakr (RA) kwa Yazid ibn Abi Sufyan potumiza asilikali ku Sham, omwe ali mu Al-Muwatta ya Imam Malik. Iye analetsa kupha amayi, ana ndi nkhalamba, kudula mitengo ya zipatso ndi kupasula malo okhala anthu. Malamulowa ndi a chilungamo poyamba, koma mbiri ya ku Tete ikuonetsa kuti kuwaswa kumawononganso wowaswayo. Mudzi uliwonse umene Apwitikizi anautentha unapatsa FRELIMO anthu atsopano oiphikira chakudya ndi oilondolera njira.

Tikamawerenga za nkhondo ina iliyonse ya boma ndi magulu obisala m'tchire, tisafulumire kufunsa kuti alanda misasa ingati. Tiyambe tafunsa kuti anthu a m'midzi ali mbali ya yani, ndipo awachitira zotani kuti akhale mbali imeneyo.