Mawu a Okwera Ben Nevis Chipale Chisanathe

Kumapeto kwa Malichi, m'tauni ya Fort William ku Scotland maluwa amakhala atayamba kuphuka, koma phiri la Ben Nevis lomwe lili pafupi pomwepo limakhala lidakali m'nyengo yachisanu. Phirili ndi lalitali mamita 1,345, osafika ngakhale theka la Sapitwa wa ku Mulanje, komabe chipale chofewa chimakhala pansonga pake mpaka Meyi, zaka zina kupitirira apo. Ozolowera phirili ali ndi mawu awoawo a nyengo imeneyi, ndipo ambiri mwa mawuwo amatchula zoopsa zimene maso a mlendo saziona.

Asanachoke pakhomo amayamba ayang'ana freezing level, kutanthauza mtunda umene madzi ayambire kuundana tsikulo. Ukamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 aliwonse, choncho mvula yowaza m'chigwa imakhala chipale pamwamba.

Chipalecho sichikhala chimodzimodzi tsiku lonse. Masana chimasungunuka, usiku n'kuundananso, ndipo zikachitika kangapo chimalimba gwa. Cholimbacho amachitcha névé. Jombo wamba imangoterereka pamenepo, n'chifukwa chake amamanga crampons, zitsulo za mano akuthwa, kunsi kwa jombo. M'manja amagwira ice axe, kankhwangwa ka mpini wautali kokhala ndi msomali kumapeto. Munthu akagwa n'kuyamba kutsetsereka, amagona chafufumimba n'kukanikiza mlomo wa kankhwangwako m'chipale ndi thupi lonse mpaka aime. Lusoli ndi self-arrest, ndipo amaliphunzira pamalo osaopsa, chifukwa potsetsereka penipeni sipapatsa munthu mpata woganiza. Dzuwa likakwera, chipale chomwe chija chimafewa, mwendo uliwonse n'kumalowa mpaka m'bondo. Uku ndiye postholing, ndipo kumatha mphamvu kuposa chitunda chenichenicho.

Choopsa kwambiri pa Ben Nevis chili pamwamba, pomwe pamaoneka pathyathyathya. Mphepo imaunjika chipale m'mphepete mwa phompho la kumpoto mpaka chimatulukira kunja, pansi pake popanda thanthwe. Chimenechi ndi cornice. Woyenda pamwamba amaona ngati ndi nthaka, pomwe waponda pamlengalenga. Nyengo ikamafunda, cornice imathyoka yokha. Chifunga chikatsika n'kusakanikirana ndi kuyera kwa chipale, munthu sasiyanitsanso pansi ndi kumwamba, ndipo imeneyo ndiyo whiteout. Njira yotchuka ya Mountain Track, yomwe inalambulidwa mu 1883 kuti ifike kunyumba yoyezera nyengo yomwe inali pansongapo, imakhala itakwiririka. Apa mapu ndi kampasi ndiye maso. Potsika kuchokera pansonga, ozolowera amalunjika madigiri 231 a kampasi kwa mamita 150 kuti apewe chigwembe chotchedwa Gardyloo Gully, kenako n'kukhotera ku madigiri 282 kuti asasocherere ku chigwembe china, Five Finger Gully. Mamitawo amawayesa powerenga mapazi, luso lotchedwa pacing.

Palinso avalanche, chigumukire cha chipale, chomwe chimakokolola zonse za m'njira yake monga amachitira Napolo. Chimachitika kawirikawiri pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, makamaka pomwe mphepo yasanjikiza chipale cholimba pamwamba pa chosagwirana bwino. Chosanjikizidwacho amati windslab. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limalengeza tsiku ndi tsiku, kuyambira pakati pa Disembala mpaka cha pakati pa Epulo, kukula kwa ngoziyi m'madera ngati Lochaber komwe kuli Ben Nevis. Muyeso wake uli ndi magawo 5. Gawo lachitatu, considerable, limanyenga ambiri poti lili pakatikati, chonsecho pagawo limeneli kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kugumula chipale.

Mawu onsewa amakathera pa turnaround time, nthawi imene gulu lagwirizana kuti libwerera, kaya lafika pansonga kaya ayi. Nthawiyi amaipangana m'mawa ali kunyumba, mitu idakali yozizira, chifukwa amadziwa kuti nsonga ikayamba kuonekera patsogolo palibe amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti tiyeni tibwerere.