Opaleshoni Yothandiza Obanika Kutulo

Kubanika kutulo ndi matenda amene amatseka njira ya mpweya kukhosi munthu akagona, kotero kuti amaleka kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kambirimbiri usiku umodzi. Wodwalayo amaliza mkonono kwambiri, amawodzera masana, ndipo akapanda kuthandizidwa angadwale matenda a mtima.

Kwa ana, madokotala kawirikawiri amachotsa matonsilo amene akula mopitirira muyeso. Kwa akuluakulu, chithandizo choyamba ndi makina a CPAP opopera mpweya m'mphuno, ndipo opaleshoni imaganiziridwa makinawa akakanika. Dokotala angathe kuchepetsa mnofu wofewa wa kukhosi, kusunthira nsagwada kutsogolo, kapena kuika kachipangizo kodzutsa mtsempha wa lilime, kamene kanavomerezedwa ku America mu 2014. Kusankha njira kumadalira malo enieni amene mpweya ukutsekekera, choncho wodwala ayenera kuyezedwa kaye.