Mmene tochi inathandizira madokotala a maso

Munthu akadandaula kuti diso lachita mdima, dokotala amayamba wafunsa kuti vuto lili pati. Kodi lili pa retina, kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala, kapena mu mtsempha wonyamula uthengawo kupita ku ubongo? Matendawa ndi osiyana, chithandizo chakenso n'chosiyana.

M'chaka cha 1851, Hermann von Helmholtz wa ku Germany anafalitsa za chipangizo chosuzumira nacho m'diso la munthu wamoyo. Retina inayamba kuoneka bwino. Koma mtsempha uja umaoneka mutu wokha, kwinako unabisala kuseri kwa diso. Ukatupa kumeneko wodwala saona, dokotala akasuzumira sapezanso kanthu. Ena mwa odwala otere ankaganiziridwa kuti akungonamizira.

Robert Marcus Gunn, dokotala wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Moorfields mu London, analemba mu 1902 kuti mwana wa diso sanama. Mtsempha ukaonongeka, mwana wa disoyo amachepa pang'ono ukamuunika, kenaka n'kuyambanso kukula kuwala kukadalipo. Mu 1959 Paul Levatin wa ku America anaifewetsa njirayi: tochi uziisuntha kuchoka diso ili kupita linalo. Ikafika pa diso la mtsempha wodwala, mwana wa diso amakula m'malo mochepa. Kabala kakang'ono pakati pa retina sikachititsa zimenezi kawirikawiri, ngakhale retina yoonongeka kwambiri imatha kutero.

Njira imene ine imandisangalatsa ndi imene Joel Glaser ndi anzake anafotokoza mu 1977. Amakuthobwa m'maso ndi kuwala kwa masekondi 10, n'kuwerenga nthawi imene ipite kuti uyambenso kuwerenga zilembo. Retina yodwala imachedwa, kupitirira mphindi imodzi, poti iyenera kupanganso mankhwala ake olandirira kuwala. Vuto likakhala mu mtsempha, diso limabwerera msanga pamene linali.

Abale amene munamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu, nkhaniyi ikukukhudzani. Ethambutol, mmodzi mwa mankhwalawo, nthawi zina amapweteka mtsempha umenewu, ndipo chizindikiro choyamba chimatha kukhala kulephera kusiyanitsa zofiira ndi zobiriwira. N'chifukwa chake m'zipatala zina amakuonetsani makadi a timadontho tamitundumitundu musanayambe kumwa. Mukaona kuti mitundu yayamba kuzilala, musadikire tsiku limene anakulemberani.