Nyali Yosazima ya Caka Catsopano ca Achaina

Pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, pamene mvula iri mkati ndipo cimanga ciri kumasula, munthu woyenda madzulo m'miseu ya Lusaka, monga ku Kabulonga kapena ku Woodlands, angathe kuona nyali zofiira ziri lende pa zipata zina za Achaina. Nyengo imeneyi ndiyo ya caka cao catsopano, cimene amaciwerenga potsata mwezi. Ubale wa Zambia ndi China unayamba pa 29 Okutobala 1964, ndipo Achaina ambiri anafika pomanga njanji ya TAZARA, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, kuyambira 1970 mpaka 1975. Koma mwambo wa nyalizo ndi wakale koposa.

Usiku wotsiriza wa caka, banja limasonkhana, lidya pamodzi, nilikhala maso kufikira caka catsopano citalowa, ndipo ambiri amacezera mpaka mbandakuca. Kucezera kumeneku amakucha Shousui, ndiko kuti kulonda caka. Zhou Chu, amene anafa m'caka ca 297, analemba kale za mwambowu. Amati okalamba amacezera potsazikana ndi caka cimene capita, koma ana amacezera kuti masiku a makolo ao acuruke. Usiku wonsewo nyali za m'nyumba sizizimidwa.

Ambiri amafotokoza nyalizo ndi nthano ya Nian, cirombo codya anthu ndi ziweto, cimene cinkaopa moto, phokoso ndi zinthu zofiira. Nthanoyi ndi yokoma, koma m'mabuku akale mulibe. Cimene cipezeka m'mabuku a nthawi ya mafumu a Song, amene analamulira kuyambira 960 mpaka 1279, ndi cina. Meng Yuanlao, pofotokoza mzinda wa Kaifeng m'caka ca 1147, ananena kuti kumapeto kwa caka anthu ankayatsa nyali pansi pa kama. Ankatero pofuna kuunikira Xuhao, mzimu wa kutha kwa cuma.

Xuhao sanali cirombo cobangula ai. Nchito yace inali ngati ya anankafumbwe m'nkhokwe: mwini aona cimanga ciri tho, koma tsiku lotapa apeza gaga yekhayekha. Mzimu wotere amati umakonda mdima wa m'ngodya ndi wa pansi pa kama, kumene mwini nyumba sayang'anako kawirikawiri. Anthu ankasesanso nyumba yonse ndi kubweza ngongole caka cisanathe, ndipo pamapeto pace ankaika nyali m'malo obisikawo.

Mafuta a nyali sanali ocipa. Iwo amene anakhala m'nyumba zozungulira za udzu za ku Kabwata, zimene boma la atsamunda linamangira anchito, ndipo zina zinasungidwa m'caka ca 1974 kukhala mudzi wa zamwambo, ankadziwa kuti koloboyi amazimidwa msanga kuti parafini afike mawa. Mlimi wa ku China nayenso ankauma manja pa mafuta caka conse. Nanga bwanji ankawatentha usiku wathunthu? Iye anazindikira kuti mafuta a usiku umodzi ndi ocepa poyerekeza ndi cuma cimene cimatha mwakacetecete m'nyumba imene mwini wace saiona bwino.

Lero nyali zambiri ndi zamagetsi, ndipo cikondwerero cimatha pa tsiku la 15 ndi phwando la nyali za m'miseu. M'caka ca 2024 bungwe la UNESCO linalemba cikondwereroci pa mndandanda wa miyambo yosungidwa ya anthu onse.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu nayamba kulandira malipiro ali naye Xuhao wace: kangongole ka pa kantini, katambula wa madzulo, kandalama kobwereka kosalembedwa. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Achaina ndi aka: kamodzi pa caka, mwini nyumba atenge nyali, agwade, nayang'ane pansi pa kama pace.