Kufunsa mafunso polemba nkhani: zoyenera kudziwa mtolankhani wopita kwa Khombedza

Pafupifupi nkhani iliyonse yotuluka m'nyuzipepala kapena m'magazini imayamba ndi munthu wina kufunsa, wina n'kuyankha. Kucheza kotere, komwe atolankhani amati intaviyu, n'kumene kumabala mawu omwe owerenga amawapeza atalembedwa monga adatulukira m'kamwa mwa mwiniwake. Kusiyana kwake ndi macheza wamba n'kwakuti wofunsayo amadziwika kuti ndi mtolankhani, woyankhayo amadziwa kuti mawu ake akafika kwa anthu omwe sadzawaona, ndipo zolembedwazo ziyenera kufanana ndi zonenedwazo.

Luso limeneli silakale ngati nyuzipepala. Olemba mbiri ya utolankhani amakonda kutchula zitsanzo ziwiri za ku America. Mu 1836, James Gordon Bennett wa New York Herald adasindikiza zomwe adakambirana ndi Rosina Townsend pa za kuphedwa kwa Helen Jewett, ndipo mu 1859 Horace Greeley wa New York Tribune adasindikiza mafunso ndi mayankho a kucheza kwake ndi Brigham Young, mtsogoleri wa mpingo wa Mormon. Kuno kwathu, m'nthawi ya chipani chimodzi munthu wamba ankaganiza kawiri asanatsekule pakamwa pamaso pa munthu wonyamula kabuku ndi cholembera. Zinthu zidasintha itachitika riferendamu ya pa 14 June 1993, nyuzipepala zoima pazokha zitachuluka, ndipo Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 adateteza ufulu wa atolankhani m'gawo 36. Lamulo lidatsekula chitseko, koma mantha ena adatsala, makamaka kumidzi.

Dera la T/A Khombedza m'boma la Salima ndi malo abwino oonerapo mmene ntchitoyi imayendera kunja kwa mizinda. Lili pamsewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota, nyanja ili chakum'mawa. Kuli alimi, ochita malonda a nsomba, Akhristu ndi Asilamu, ndipo mtolankhani wochokera ku Lilongwe atha kufikako m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Kufulumira kumeneko ndiye gwero la nkhani zambiri zosapsa.

Kulowa m'mudzi

Mumzinda mtolankhani amaimba foni n'kupangana nthawi. Kumudzi amayamba waonekera kwa nyakwawa kapena nduna zake, kunena dzina lake, nyuzipepala yomwe akulembera ndi chomwe wadzera. Izi sizitanthauza kuti mfumu ili ndi mphamvu yoletsa nkhani. Ndi ulemu, komanso chitetezo. Mlendo woyendayenda m'mudzi ndi kamera popanda womudziwa amadzutsa mphekesera. Mu 2018 gulu la atolankhani ojambulira BBC, momwe mudali Anas Aremeyaw Anas wa ku Ghana, lidamenyedwa ndi anthu okwiya m'boma la Karonga atawaganizira zoipa, patangopita miyezi yochepa chichitikireni chipwirikiti cha anamapopa m'maboma ena a kummwera.

Koma kudzera kwa mfumu kuli ndi msampha wake. Mfumu ikasankha anthu oti ayankhule, kawirikawiri imasankha omwe sangaichititse manyazi. Ngati nkhaniyo ikukhudza kagawidwe ka malo kapena mayina a olandira thandizo, mtolankhani wanzeru amathokoza, amacheza ndi osankhidwawo, kenaka amakafunafuna ena payekha kuchigayo, pamjigo kapena kumsika.

Msampha wachiwiri ndi waukulu koposa. Anthu akumudzi adazolowera kuti wobwera ndi kabuku n'kumalemba mayina ndiye kuti akuchita kalembera wa Mtukula Pakhomo, wa fetereza wotsika mtengo kapena wa chimanga cha thandizo. Mtolankhani akapanda kunena poyera kuti iye sagawa kanthu, mayankho onse amapendekera mbali imodzi: aliyense adakolola zochepa, aliyense adagona ndi njala. Anthuwo sikuti ndi abodza mwachibadwa, akungoyankha funso lomwe akuganiza kuti lafunsidwa. Tsono chiganizo choyamba cha kucheza chiyenera kuchotsa chiyembekezo chimenechi, ngakhale kuti ena akachimva amanyamuka n'kumapita.

Malonje sadumphidwa. Wofunsa amayamba wakhala pomwe wapatsidwa, kulonjera, kufunsa za kunyumba ndi za mvula. Wamkulu amatchulidwa mwaulemu, bambo, mayi kapena gogo, ndipo mfumu ndi gogo chalo kapena mfumu. Mphindi zimenezi zimaoneka ngati zotayika kwa munthu yemwe mkonzi akumudikira, komatu ndi mmene woyankha amayezera ngati mlendoyo ndi woyenera kumuuza zoona.

Ndani, ndipo liti

Nthawi yocheza imatsata ntchito ya wofunsidwa. Asodzi a usipa amalowa m'madzi usiku ndi nyali, n'kukocheza m'bandakucha. Pamenepo padooko pamakhala phokoso la malonda ndipo palibe yemwe ali ndi mpata woyankha funso lalitali, pomwe masana ambiri amakhala akugona kapena kusoka ukonde. Mphepo ya mwera ikalimba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala kumtunda ndipo asodzi amapezeka mosavuta. Mlimi m'dzinja amakhala kumunda mpaka dzuwa litakwera. Lachisanu masana Asilamu amakhala kumzikiti. Maliro akagwa m'mudzi, zonse zimaima.

Kudziwa woyenera kufunsidwa n'kofunikanso. Panyanja, mwini bwato ndi ukonde saona zinthu mofanana ndi alovi omwe amakoka ukondewo, ndipo mayi wogula nsomba n'kukayanika pathandala ali ndi nkhani yakeyake yomwe amuna awiriwo sangainene. Za malamulo a usodzi amazidziwa a komiti ya padooko ndi alangizi a zausodzi. Wofuna kumva za chilumba cha Mbenji, chomwe chimatsekedwa chaka chilichonse kuyambira December mpaka April motsata mwambo, ayenera kupita kwa Makanjira, poti ulamuliro wake uli kumeneko. M'mabanja a Achewa otsata chikamwini, nkhani ya munda kapena ya ana itha kukhala m'manja mwa mwinimbumba osati bambo wa pakhomopo. Ndipo mayi yemwe wafunsidwa mwamuna wake ali pomwepo nthawi zambiri amangoti avomereze zomwe anena bambo. Pofuna maganizo ake enieni, ndi bwino kupempha mwaulemu kuti acheze padera, pamalo poonekera, kapena pakati pa amayi anzake.

Kafunsidwe

Safunsa adadya phula, koma wofunsa moipa amabwerera ndi phula lomwelo. Funso loti "Kodi chaka chino nsomba zasowa?" limapereka yankho lokha, ndipo munthu waulemu amangovomera kuti asakhumudwitse mlendo. Funso loti "Usiku wathawu mwabwera ndi chiyani?" limabweretsa chiwerengero, ndipo lotsatira lake, "Nanga chaka chatha nyengo ngati ino zinkatheka bwanji?", limabweretsa nkhani. Mafunso oyamba ndi mawu oti bwanji, liti, ndani ndi chifukwa chiyani ndiwo amatsekula pakamwa. Funso lililonse lizikhala limodzi. Lophatikiza zinthu zitatu limapatsa woyankha, makamaka wandale, danga losankha chophweka.

Mafunso ovuta amasungidwira chakumapeto, kucheza kutafunda. Chete naye ndi chida. Woyankha akaima, wofunsa wosazolowera amathamangira funso lina, chonsecho mawu ofunika kwambiri kawirikawiri amabwera munthu atapuma kaye, atayang'ana pansi. M'pofunikanso kumva Chichewa monga chimayankhulidwira. "Tiona" nthawi zambiri ndi kukana. "Zikomo, ndamva" sikuvomera. "Tikuyesera" atha kutanthauza kuti zinthu zaipiratu. Wolemba mawu amenewa ngati lonjezo amanamizira mwiniwake popanda kusintha liwu ndi limodzi lomwe.

Nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku imafuna zochepa koma zolondola: chachitika n'chiyani, kuti, liti, kwa yani. Mphindi khumi zitha kukwana. Magazini, monga Moni yomwe idayamba kutuluka mu 1964, kapena nkhani yaitali ya kumapeto kwa sabata, imafuna kuti wolemba akhalitse, aone nyumba, manja ndi zida za munthuyo, mwinanso abwerere kachiwiri. Ulendo wachiwiri ndi umene munthu amasiya kuyankhula ngati ali pamsonkhano.

Ziwerengero ndizo zimagwetsa atolankhani ambiri amumzinda. Kumudzi chimanga chimawerengedwa m'ngolo, m'nkhokwe kapena m'matumba, usipa m'zigoba kapena m'ndowa, munda m'maekala ongoyerekeza. Ngolo ya chimanga chosatong'ola si yofanana ndi matumba a makilogalamu 50 a chotong'ola, ndipo ndowa zimasiyana kukula. Wofunsa ayenera kuona chiwiyacho ndi maso, kapena kulemba muyeso monga waunenera mwiniwake osausandutsa makilogalamu a m'mutu mwake. Zaka zakubadwa za okalamba zimatsimikizika pa chiphaso cha unzika, ndipo dzina limalembedwa mwiniwake akuona, poti chilembo chimodzi chitha kupachika nkhani pa munthu wina.

Kusunga mawu ndi kuwamasulira

Foni yojambulira mawu yapeputsa ntchito, koma iyenera kuyatsidwa wofunsidwa atavomera. Kabuku sikadathe ntchito: batire limatha, mphepo ya kunyanja imaphimba mawu, ndipo makina sajambula nkhope ya munthu. Chithunzi chimafuna chilolezo chakechake. Zinthu za kudambwe sizijambulidwa mwachisawawa ngakhale gule wamkulu adazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo funso lofuna kuulula zinsinsi zake litha kuthetsa kucheza pomwepo.

Vuto lomwe silikambidwa mokwanira ndi la kumasulira. Kucheza kumachitika m'Chichewa, mwina m'Chiyao, nkhani n'kulembedwa m'Chingerezi, kenaka wina n'kuibweza m'Chichewa kuti ilowe patsamba ngati lino. Pofika pamenepo mlimi amakhala akuyankhula mawu omwe sadawatulutsepo chibadwire. Njira yabwino n'kusunga mawu oyambirira ndi kuwagwiritsa ntchito pomwe nkhani ikutuluka m'chiyankhulo chomwecho. Kuchotsa chibwibwi ndi kubwerezabwereza n'kololedwa. Kuonjezera mawu kuti amveke okoma ndi bodza. Dziko lidaona mapeto a bodza lotere mu 1981, pomwe Janet Cooke wa Washington Post adabweza mphotho ya Pulitzer zitadziwika kuti mwana wa zaka 8 yemwe adati adacheza naye sadaliko n'komwe.

Munthu akati izi musalembe, kapena musanditchule dzina, mgwirizano umachitika asanayankhule, ndipo ukachitika umasungidwa. Kumudzi kubisa dzina lokha sikukwanira. Kunena kuti mayi wa ana asanu wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi chipatala ndi chimodzimodzi kumutchula, poti aliyense akumudziwa. Nduna ya boma imadziwa kulemera kwa mawu ake m'nyuzipepala, koma mlovi sangadziwe kuti kudandaula kwake kutha kumuchotsetsa m'bwato. Ndi udindo wa wofunsa kumufotokozera, makamaka lero pomwe nkhani yoikidwa pa intaneti imafika pa WhatsApp ya m'mudzi momwemo tsiku lomwelo ndipo siifufutika.

Malamulo ndi chipondamthengo

Mwana, yemwe malinga ndi kusintha kwa Malamulo Oyendetsera Dziko kwa mu 2017 ndi aliyense wosakwana zaka 18, safunsidwa popanda kholo kapena womuyang'anira, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kuulula mwana yemwe ali pamlandu. Ogwiriridwa satchulidwa mayina. Aliyense wonenedwa choipa, kaya ndi mfumu, mphunzitsi wamkulu kapena kampani, ayenera kupatsidwa mwayi woyankhapo nkhani isanatuluke. Mu July 2025 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Komabe woipitsiridwa mbiri akadali ndi ufulu wosuma kuti alipidwe, ndipo dandaulo litha kupitanso ku Media Council of Malawi.

Akuluakulu a boma akamazemba ndi mawu oti funsani kulikulu, pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zomwe akufuna kudziwa, lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu December 2016 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe pempho, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira katsatidwe kake. Masiku 15 ndi ambiri kwa nyuzipepala ya mawa, koma kwa wolemba magazini ndi chida chomwe chikugwiritsidwa ntchito moperewera.

Chotsala ndi chipondamthengo, dzina lomwe lidabwerekedwa kwa asing'anga n'kumatanthauza ndalama yomwe mtolankhani amapatsidwa ndi omwe akuwalemba. Maulendo ambiri opita kumadera ngati kwa Khombedza amalipiridwa ndi mabungwe ofuna kuonetsa ntchito zawo. Galimoto ndi yawo, ofunsidwa asankha okha, ndipo mkulu wa bungwelo amaima chapafupi pomwe wopindula akuyankha. Zoyankhulidwa pamenepo zitha kukhala zoona, koma ndi theka la nkhani. Atolankhani ena amapempha kuti mkuluyo atalikire kaye, amatenga nambala za foni za anthu awiri kapena atatu, n'kudzawaimbira patapita sabata, alendo atachoka. Ena amanena m'nkhani momwemo kuti ulendowo adalipira ndani, kuti wowerenga adziyezere yekha.